Mbiri ya Dunduzu Chisiza Wamng'ono, Mwini Masewero a Wakhumbata

Pamene akuru a mpingo anagawa nchito za kabuku ka cikondwerero cathu cino, anatipatsa ife a kusukulu masamba owerengeka, natiuza kuti tilembemo mbiri ya munthu mmodzi wa dziko lino amene anaphunzitsa anthu ambiri, angakhale sanali mbusa kapena mlaliki. Tinakhala madzulo awiri osamvana. Potsiriza pace tinasankha munthu wa masewero, ndiye Dunduzu Chisiza wamng'ono, amene anthu anazolowera kumucha Du. Tidziwa kuti ena a inu akatekisiti mudzapukusa mitu, pakuti masewero muwayesa cibwana. Koma kumbukirani za Khrisimasi iri yonse kuno kwathu, m'mene ana athu abvala ziguduli za fodya ndi ndebvu za thonje, nasanduka Herode ndi abusa a nkhosa. Pofika mwezi wa February ulaliki wa tsiku lija tauiwala tonse, koma mkwiyo wa Herode ukali kukambidwa pa zitsime. Cinthu ca mphamvu yotere siciyenera kupeputsidwa, ndipo munthu amene anapereka masiku ace onse kwa ico ayenera kuti timdziwe.

Atate ace

Sitingathe kunena za mwanayu osayamba ndi atate ace, pakuti dzina lao analisenza ngati mtolo moyo wace wonse. A Dunduzu Kaluli Chisiza anabadwa m'caka ca 1930 kumpoto, m'mbali mwa nyanja, m'dziko la Karonga. Anaphunzira ku Livingstonia, napitirira ku Uganda, ndipo atatero anakagwira nchito ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Kumeneko anathandiza kuyambitsa bungwe la anyamata akuda lotsutsa ulamuliro wa Azungu, kotero kuti boma la Southern Rhodesia linawapitikitsa m'caka ca 1956. Dr. Banda atabwera kumudzi m'caka ca 1958, a Chisiza anakhala mlembi wamkuru wa Congress. Ndipo pa cipwirikiti ca March 1959 anamangidwa, nakhala m'ndende ya Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda, ndi a Henry Chipembere, ndi akuru ao a Yatuta. Ataturuka anapatsidwa udindo m'nthambi ya boma yoyang'anira cuma, ndipo onse anawayesa mmodzi wa anzeru oposa a mbadwo uja. Analembanso kabuku kocenjeza maiko a Afrika kuti ufulu ukadza asalole munthu mmodzi kusanduka mwini zonse.

Tsono kuciyambi kwa September 1962 galimoto lao linapezeka litagwa pa mlatho wa Thondwe, pa mseu wa ku Zomba, iwo atafa. Anali ndi zaka 32. Boma linati ndi ngozi, koma anthu ambiri sanakhute nao mau amenewo, ndipo manong'onong'o ace sanathe kufikira lero lino.

Mwanayo anabadwa pa 26 March 1963, isanakwane miyezi isanu ndi iwiri cimwalirire atate ace, namucha dzina lao lomwelo. Ali ndi caka cimodzi, nduna zinasemphana ndi Dr. Banda, ndipo atate ace akuru, a Yatuta, amene analinso nduna, anathawira kunja kwa dziko. M'mwezi wa October 1967 anabweranso ndi anthu owerengeka a mfuti, nalowera ku Mwanza, naphedwa ndi asilikari a boma. Du anali ndi zaka zinai. Kuyambira pamenepo dzina la Chisiza linali dzina lochulidwa munthu atayamba waceuka kumbuyo, ndipo mwana wamasiyeyu anayenera kuliyankha tsiku ndi tsiku poitanidwa maina m'kalasi. Ife aphunzitsi tidziwa kulemera kwace kwa cinthu cotere, pakuti taona ana akuzyolika cifukwa ca milandu ya makolo ao yocepa koposa imeneyi.

Ku sukulu ya Misyoni

Maphunziro ace a sekondale anacitira ku Henry Henderson Institute, sukulu ya Misyoni ya Blantyre, imene inatsegulidwa m'caka ca 1909, niichedwa dzina la Mskoti uja anasankha malo a Misyoniyo m'caka ca 1876. Masiku amenewo bungwe la aphunzitsi a Cingerezi linali kucititsa mpikisano wa masewero caka ndi caka pakati pa sukulu za sekondale za dziko lonse. Colinga cao cinali cakuti ana azolowere kulankhula Cingerezi mosadodoma. Sanadziwe kuti alinkusula anthu amene adzalasa boma ndi lilime lomwelo. M'caka ca 1982 Du, asanakwane zaka 20, analemba sewero lace, naphunzitsa anzace kuliseweza, ndipo linapambana masewero onse a caka cimeneco. Analicha The Deceased's Attack, ndiko kunena kuukira kwa womwalira. Munthu wodziwa kuti wolembayo anali mwana wa yani sakanatha kumva dzina lotero mtima wace osagunda.

Caka cotsatira cace, 1983, anasonkhanitsa anzace nayambitsa kagulu kamene anakacha Wakhumbata, dzina lokumbutsa munthu wokhala cete manja ali pacifuwa, monga acita wofedwa. Ndipo m'mwezi wa May caka comweco mbiri ya galimoto logwa inamvekanso m'dziko. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi, ndiwo a Dick Matenje, a Twaibu Sangala, a David Chiwanga, ndi a Aaron Gadama a kuno kwathu ku Kasungu, anapezeka atafa ku Mwanza, ndipo wailesi inati ndi ngozi. Boma litasintha m'caka ca 1994, bungwe lofufuza linapeza kuti anacita kuphedwa ndi apolisi. Tachula ici kuti acinyamata a lero azindikire nyengo imene mnyamatayu anasankha kukhala wolankhula pamaso pa khamu la anthu.

Amene anamtsogolera

Tisanamize owerenga kuti masewero anayamba ndi iye. Makolo athu anali nazo nthano za Kalulu ndi Fisi, ndi magule, ndi nyimbo za pamtondo zimene mkazi adzudzula nazo mwamuna wace osamchula dzina. Pa wailesi panali Kapalepale, amene mudzi wonse unali kuunjikana pa nyumba imodzi kudzamvera. Ndipo ku Chancellor College, koleji ya Yunivesite ya Malawi, aphunzitsi ndi ophunzira anayambitsa gulu la masewero loyendayenda m'caka ca 1970, namanka nao masewero m'sukulu ndi m'maboma. Pakati pa aphunzitsi amene anagwira nchitoyi m'zaka zosiyanasiyana panali a James Gibbs, a David Kerr ndi a Chris Kamlongera.

Cimene anthu a ku yunivesitewa anacita m'caka ca 1981 ku Mbalachanda, m'dziko la Mzimba, ndi pambuyo pace m'midzi ya ku Liwonde, ciyenera kudziwika kwa mkatekisiti ali yense. Anaphunzira kuti sewero lopangidwiratu ku Zomba siligwira mtima wa munthu wa kumudzi. Tsono anayamba kufika pamudzi manja ali opanda pepala, nakhala pansi ndi eni mudzi, namvetsera zowasautsa: citsime cadothi, kutalika kwa cipatala, kusowa kwa zimbudzi, matenda a ana. Za zomwezo anaumba sewero m'cinenero ca eni ace, ndi nyimbo zao zomwe, naliseweza pabwalo. Pofika pa mfundo yobvuta anali kuimitsa sewero, nafunsa oonerera kuti munthu uyu acite ciani, ndipo mkangano umene unabuka pamenepo ndiwo unali phunziro lenileni. Ife tayesa njira imeneyi ndi ana athu pa nkhani ya njobvu zoturuka m'nkhalango ya Kasungu kudzadya cimanga, ndipo akuru amene sanalankhulepo pa msonkhano uli wonse analankhula tsiku limenelo mpaka dzuwa kulowa.

Koma onsewa anali ndi malipiro ao a uphunzitsi pakutha pa mwezi, ndipo ophunzira ao atatsiriza maphunziro anali kupita ku nchito zina. Masewero anali ndiwo zapambali. Du ndiye anaganiza kuti akhale nsima.

Ku Amereka ndi kubwerako

Anaoloka nyanja kunka ku mzinda wa Philadelphia, kumene anaphunzira za luso la masewero pa University of the Arts. Ambiri a ana a dziko lino amene anapita kunja m'zaka zimenezo sanabwerere, ndipo iye, wa dzina loopsya lija, anali nazo zifukwa zokhalira komweko koposa onse. Koma anabwera m'caka ca 1987, naukitsa gulu lace, nalicha Wakhumbata Ensemble Theatre. Limeneli ndilo linali gulu loyamba m'Malawi la anthu odya za masewero okha, opanda nchito yina.

Caka comweco, m'mwezi wa September, a Jack Mapanje, mlakatuli ndi mphunzitsi wa ku Chancellor College, anamangidwa, nakhala ku Mikuyu zaka zoposa zitatu ndi theka osaweruzidwa mlandu. Panalinso lamulo la m'caka ca 1968 limene linaika bungwe loyesa mabuku, mafilimu ndi masewero. Sewero liri lonse linayenera kupita ku bungwelo lisanaonetsedwe. Iwo anali kuliwerenga, nafafaniza mau amene sanawakonde, kapena kuliletsa lonse, ndipo wosewera popanda cilolezo cao anali wopalamula. Ena a masewero a Du analetsedwa motero.

Talingalirani nchito imene inali pa mapewa ace. Iye ndiye wolemba, iye ndiye wophunzitsa osewera, ndipo kawirikawiri iye yemwe ndiye wosewera mbali yaikuru. Anayenera kufuna holo, kulengeza, kupeza galimoto lonyamula anthu ndi katundu, ndi kugawa ndalama za pakhomo kuti ali yense akadye kwao. Tsiku logwa mvula, anthu osabwera, kunalibe Misyoni kapena boma lomlipira. Mlimi wa fodya adziwa moyo wotere, wakuti ulima, nusoka, nupacika m'cigafa, osadziwa cimene udzapeza ku okushoni. Koma mlimi adikira kamodzi pa caka, pamene uyu anali kudikira pakhomo pa holo sabata ndi sabata. Ngakhale zinali tero, anthu anadzaza French Cultural Centre ku Blantyre, ndi maholo a m'matauni ena, ndi sukulu za sekondale, nalipira ndalama zao kuti aone anyamata ndi asungwana a dziko lao akusewera. Analemba masewero oposa 20, nathandizanso kulemba ndi kuphunzitsa ena ambiri. Ana athu amene anali ku sekondale m'zaka zimenezo anali kubwera pa chuthi akuyesezera mayendedwe ace ndi malankhulidwe ace, ife osamuona ndi maso.

Nanga anapulumuka bwanji? Inu owerenga Malembo mukumbukira kuti mneneri Natani, pofuna kudzudzula mfumu Davide, sanayambe ndi kuchula chimo lace, koma anamsimbira za munthu wolemera amene analanda kamwana ka nkhosa ka mnzace wosauka, ndipo mfumu inadziweruza yokha isanazindikire. Njira ya Du inali yomweyo. Pa pepala lopita ku bungwe loyesa panali nkhani wamba; koma pa nsanja, ndi kakwezedwe ka mau, ndi kakhalidwe ka cete pakati pa mau awiri, ndi kayang'anidwe ka maso, nkhani yomweyo inasanduka yina, ndipo zimenezi wofafaniza sakhoza kuzifafaniza ndi colembera. Sewero lace lina analicha Papa's Empire, ndiko kuti ufumu wa Papa. Papa ameneyu si wa ku Roma iai. Ndi mau a mwana poitana atate ace. M'dziko m'mene munthu mmodzi anali kuchedwa tate wa pfuko lonse, oonerera sanasowe womasulira. Ndipo ife a ku Kasungu, amene tinakulira pakati pa minda yaikuru ya fodya ya makampani a Ngwazi, tikuona nyumba yao ya Nguru-ya-Nawambe ndi sukulu yao ya ku Mtunthama yotsegulidwa m'caka ca 1981, tikanamva dzina limenelo msanga koposa a ku Blantyre.

Tinena kuti tikanamva, pakuti apa pali cilema cimene sitifuna kucibisa. Masewero ace anali a m'Cingerezi, ndi Cingerezi cakuya ndithu. Tenanti wa pa esiteti, amene anadziwa ufumu wa Papa ndi msana wace, sakanatola kanthu ngakhale akanapeza ndalama ya pakhomo. Gulu la Kwathu, limene linali kusewera m'Cicewa m'zaka zomwezo, linafika kwa anthu amene Wakhumbata sanawafike. Pamenepa tiona kuti aphunzitsi a ku yunivesite aja, pokhala pansi pa mtengo ndi amai a ku Liwonde, anapambana iye. Komabe tisamcepetse. Amene anali kudzaza maholo ace anali makalaliki, aphunzitsi, anamwino ndi ana a sekondale, ndiwo anthu amene mantha anawagwira kolimba, popeza anali nayo nchito yoti nkuwalanda. Kuti anthu otere aseke pamodzi mumdima, ali yense namva kuti mnzace wa pambali pace wamvanso cimene iye wamva, cinali cinthu cacikuru m'zaka zimene munthu anali kuopa ndi mlamu wace yemwe.

Unduna

Tafika pa gawo lobvuta la mbiri iyi, ndipo ndilo linatikhalitsa madzulo awiri aja.

Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'machalichi, nichula poyera zimene masewero anali kuchula mophiphiritsa. Pa 14 June 1993 dziko linaponya voti ya referendamu, ndipo nyali ya zipani zambiri inapambana tambala wakuda. Du analemba sewero la nyengo imeneyo, Democracy Boulevard, ndiko kuti mseu waukuru wa demokalase. Anthu onse anayesa kuti mwana wa a Dunduzu, mwana wa a Yatuta, adzaima ndi otsutsa boma. Koma m'caka comweco ca 1993 analowa m'boma la Dr. Banda, nakhala nduna yoyang'anira acinyamata, masewera ndi cikhalidwe, ali ndi zaka 30.

Ambiri amene anamkonda anagwa mphwayi. Ena anati wagulidwa, ndi kuti cipani cokalamba cinafuna dzina lace kuti cibvale nalo nkhope yatsopano, makamaka kwa anthu a kumpoto. Ena anati iai, anaona khomo lothandizira aluso anzace, amene boma silinawasamalepo, nalowa. Ife titakambirana tinaona kuti cisankho cimeneco cinali colakwa, pakuti mphamvu yace yonse inali pa kuima kunja kwa mpanda, ndipo munthu sangakhale Natani ndi nduna ya Davide nthawi imodzi. Koma tinaonanso kuti si ife oyenera kutola mwala. Cigawo cathu ca pakati cinaponyera tambala wakuda pa referendamu ija, ndipo ambiri a ife amene tikulemba ndi kuwerenga kabuku kano tinagula makadi, tinabvina pa misonkhano, tinatseka sukulu kuti ana akaime m'mbali mwa mseu. Iye analankhula zaka zisanu ndi cimodzi pamene ife tinali cete, ndipo anapunthwa pamene ife tinali titangoyamba kutsegula pakamwa.

Unduna wace sunakhalitse. Pa 17 May 1994 a Bakili Muluzi anapambana cisankho, boma lakale linagwa, ndipo Du anabwerera ku nsanja. Akuru anati mapanga awiri abvumbwitsa, ndipo iye anabvumbwadi: kwa andale anali munthu wa masewero, ndi kwa ena a oonerera ace anali atasanduka wandale. Nyengonso inali itasintha. Manyuzipepala anacuruka, ali yense akunena cimene afuna, ndipo luso lophiphiritsa, limene linali lokoma cifukwa ca kuopsya kwace, linacepa mcere. Koma sanaleke kulemba kapena kuyenda ndi gulu lace, ndipo ena a masewero ace anasindikizidwa m'mabuku. Ndale nazo sizinamcoke mumtima. Analowa cipani ca UDF, nakonzeka kukaimira dera la kwao ku Karonga pa cisankho ca 1999.

Imfa yace

Cisankhoco sanacione. Nthenda ya Edzi, imene m'zaka zimenezo inali kutha aphunzitsi, oimba, asilikari ndi alimi mosasankha, ndi imene inadzaza manda a midzi yathu yomwe, inamgwira iyenso, ndipo anamwalira pa 24 February 1999, ali ndi zaka 35. Anaposa atate ace ndi zaka zitatu zokha. Kanema wa dziko lino, Television Malawi, anatsegulidwa m'mwezi wa April caka comweco, patangopita masabata owerengeka, kotero kuti munthu amene anayenera kuonekerapo koposa onse sanaimepo wamoyo.

Gulu lace linatsala m'manja mwa Mai Gertrude Kamkwatira, mmodzi wa osewera amene iye anawaphunzitsa. M'dziko m'mene makolo ambiri anali kuyesa msungwana wa pa nsanja ngati wotayika, maiyu anatsogolera amuna, nalemba masewero ace, ena a iwo onena za Edzi mosabisa. Pambuyo pace anayambitsa gulu lace lochedwa Wanna-Do, nagwira nchitoyo kufikira imfa yace m'caka ca 2006.

Du anasiya ana, ndipo mmodzi wa iwo, Thlupego, anatsata mapazi a atate ace. M'mwezi wa December 2011, patapita zaka 17 cigwere boma la cipani cimodzi, apolisi analowa m'malo a masewero ku Blantyre sewero liri mkati, namgwira mnyamatayo anthu akuona, pa mlandu wa kusewera osalandira cilolezo ca bungwe lija la lamulo la 1968. Bwalo linamlipiritsa ndalama, ndipo anamasulidwa.